Chiphaso cha Masiku Makumi Atatu

Achinyamata a kuno ku Mlare akandifunsa kuti ku Zambia ndinabwerako ndi chiyani, ndimayankha kuti chifuwa. Amaseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Chifuwacho n'choona, utuchi wa zaka khumi ndi ziwiri sutuluka m'mapapo ndi tiyi. Koma akuluakulu amene analipo tsiku limene ndinatsika basi saseka nawo. Iwo amadziwa kuti chimene ndinatumidwa kukatenga chinali chaching'ono, chokwana m'thumba la jekete, ndipo ndinapatsidwa masiku makumi atatu okha kuti ndibwere nacho.

Tinabadwa amuna awiri, mkulu wanga Yotamu ndi ine. Nkhope zathu zinali ngati njerwa za chikombole chimodzi. Chotisiyanitsa chinali mwendo, poti iye ankatsimphina pang'ono, ng'ombe inamuponda ali wamng'ono. Kusukulu sanapiteko, ankaweta ng'ombe za abambo mpaka abambowo anatisiya. Ine ndinafika Sitandade 7 ndipo ndinkadziona ngati kalaliki amene dziko lachedwa kumuzindikira. Anthu ankakonda Yotamu. Ine ankangondipirira.

Yotamu anakwatira Nyagondwe wa ku Sangilo, nakhala naye dzinja limodzi lokha, kenako anapita ku Zambia kukacheka matabwa m'nkhalango za kufupi ndi migodi. Anapita mwadongosolo, ndi pasipoti komanso chiphaso cha ntchito chimene bwana wa kumeneko anamupemphera. Chaka chachiwiri kunabwera telegalamu yoti Yotamu wamwalira ndi chibayo, amuika. Amene anaitumiza ndi a Kayira, mnzake wocheka naye pa sowo.

M'banja mwathu munthu akafera kutali sitimeta, ndipo mkazi wake sitimusudzula, mpaka wachibale apite akaone manda ndi maso ake, atape dothi la pamandapo, abwere nalo. Dothilo timalikwirira kumanda a makolo, ndiye kuti maliro atha. Lisanafike, wamasiye amakhala ndi zakuda, sabwerera kwawo, sayang'ana mwamuna wina. Nyagondwe anali asanabereke, ndipo anali mtsikana ndithu. Amama anagulitsa ng'ombe yaikazi kuti ndipeze yoyendera, n'kundipatsa kachitini ka fodya kopanda kanthu kamene abambo anasiya.

"Luta, mwana wane, ukatore mukuru wako," anatero amama. "Pita ukamutenge. Usakachedwe, mwana wa eniake uyu akudikira iwe."

Ku ofesi ya ku boma ku Karonga ndinapondako kangapo. Lero khadi la chipani, mawa zithunzi, mkuja bwerani Lolemba. Kalaliki wake anali bambo wa chigawo chapakati, wonenepa, wokonda kuphunzitsa anthu ngakhale sanamufunse.

"Tamverani, achimwene, poti inu a kuno mumawoloka malire ngati mukupita kudimba," anatero akundipatsa pasipoti. "Bukuli ndi lathu, koma chidindo chokulowetsani m'dziko la eni ndi cha eniakewo, ndipo zidindozo sizifanana. Chilipo chokacheza: mukaone abale, mukalire maliro, mubwerere. Chilipo chokaphunzira, chimenecho mpaka sukulu ikuitaneni ndi kalata. Chilipo cha ntchito, chimene amakupempherani ndi bwana wokufunani, ndipo chimalembedwa dzina lanu, osati la mnzanu. Inu mukupita ndi chiti?"

"Cha maliro, bwana."

"Ndiye chokachezacho. Akakupatsani masiku makumi atatu. Musakagwire ngakhale khasu la munthu. Mlendo ndi mame, achimwene, dzuwa likakwera asapezeke."

Ndinamuthokoza ndi manja awiri, mumtima ndikumuseka. Ndinkati ine wa Sitandade 7 sindingasokonezeke ndi zidindo zitatu.

Ulendo unali wa lole mpaka ku Chitipa, kenako mabasi ofa m'njira. Pamalire anandidindira monga ananenera kalaliki uja. Nditafika kumsasa wa ocheka matabwa, bambo wina wamtali, wa imvi m'ndevu, anandiona n'kugwetsa mbale imene ankatsuka. Anaima ngati waona mzukwa, mpaka ataona mayendedwe anga. Amenewo ndiwo anali a Kayira, a ku Rumphi. Anandigwira dzanja, n'kupita nane kuseri kwa msasa, pansi pa mtengo wa mpapa. Manda anali osamalidwa bwino, ndi mtanda wa thabwa la mlombwa limene anzake anacheka okha. Ndinalira zenizeni, zimenezo musandichotsere. Ndinatapa dothi, n'kudzaza kachitini kaja, n'kukatseka. Ntchito imene ndinatumidwa inathera pamenepo, masiku ambiri akadalipo.

Chimene chinandigwetsa chinabwera ngati chifundo. Ndalama ya ng'ombe ija inali itathera m'njira, ndipo a Kayira analibe wocheka naye. Sowo wa padzenje sakokedwa ndi munthu mmodzi: wina amaima pamwamba pa chipika, wina m'dzenje. Kapitawo anali asanakanene za imfa kwa bwana wa m'tauni, chifukwa chiphaso cha mlendo watsopano chinkavuta kupeza, ndipo a Kayira akanachotsedwa ntchito posowa mnzawo. Mapepala a Yotamu anali m'sutikesi yake. Kapitawo anatulutsa chiphaso chija, n'kuyang'ana chithunzi, n'kundiyang'ana ine.

"Chithunzi sichionetsa mwendo," anatero.

"Mwezi umodzi wokha, mwana wanga," anatero a Kayira. "Upeze ya basi ndi kansalu ka amama ako, uzipita."

M'mawa mwake poitana mayina, atafika pa Yotamu, ndinayankha ine.

Ntchito ija musaione matabwa ali osalala m'sitolo. Wa m'dzenje ndinali ine. Utuchi umagwera m'maso, m'kamwa, m'makutu, ndipo ukasakanikirana ndi thukuta umayabwa ngati chitedze. Sabata yoyamba manja anga a ukalaliki anatuluka matuza, matuzawo n'kuphulika, sowo n'kumaterera ndi magazi. A Kayira ankandiviika manja m'madzi amchere, ine ndikukuwa, iwo akuseka kuti sukulu ikutuluka. Tinalipo amuna ochokera kosiyanasiyana, a ku Chitipa, a ku Kongo, eni dziko ochepa, ndipo chinenero cha pamsasa chinali chosakaniza moti aliyense ankachilankhula molakwitsa mofanana. Wina akadwala, anzake tinkamuchekera gawo lake. Wina akalandira kalata, tonse tinkamva za mbuzi za kwawo. Kunena zoona, ndinali ndisanakhalepo pakati pa anthu amene ankandiyesa munthu wofunika. Kungoti amene ankamuyesa wofunikayo dzina lake linali Yotamu.

Tsiku la makumi atatu ndinalidziwa. Sindinganame kuti linandidutsa. M'mawa umenewo ndinatsegula pasipoti yanga, n'kuyang'ana chidindo chija, n'kuika bukulo pansi pa sutikesi pamodzi ndi kachitini. Ndinati mwezi wamawa. Paja zengerezu adalinda kwawukwawu.

Nthawi zina kumsasa kunkabwera anthu a boma oona za alendo. Galimoto yawo ikangomveka, amene analibe mapepala ankathawira m'tchire, ena mpaka kukwera m'mitengo. Ine ndinkaima pamzere chifuwa chili patsogolo, n'kupereka chiphaso cha munthu amene anagona mayadi ochepa kuseri kwa msasa womwewo.

Malipiro oyamba nditalandira ndinapita m'tauni, n'kugula bulangete la amama ndi chitenje cha maluwa achikasu cha alamu anga. Ndinkati ndiwapepese nazo pochedwa. Ku positi anati phukusi lotuluka m'dziko limafuna pepala la wotumiza. Langa linali litatha masiku, kulionetsa kukanakhala kudzipereka ndekha. Ndinapereka la Yotamu, ndipo wa ku positi analemba dzinalo pa phukusi ndi zilembo zikuluzikulu. Ndinati ndani amawerenga zimenezo, anthu amathamangira za m'kati. Ndinaiwala kuti Nyagondwe anafika Sitandade 5.

Patapita milungu ingapo kapitawo anaitana kuti Yotamu kalata. Inali ya dzanja la Nyagondwe, m'Chitumbuka, ndipo mawu ake ndikuwakumbukira mpaka lero.

"Mwamuna wanga, Chiuta ndi wamkulu. Phukusi lafika ndipo dzina lanu ndaliwerenga ndekha katatu. Amama avina m'tchalitchi mpaka agwa. Zakuda ndavula. Amene anatumiza telegalamu ija Mulungu amukhululukire. Koma tiuzeni za mng'ono wanu amene tinamutuma, kodi anafika? Amama akuti mwina wasochera."

Ndinaiwerenga nditakhala pamphepete pa dzenje, miyendo ili lende. A Kayira anandilanda, n'kupatsa mnyamata wa ku Chitipa kuti awawerengere. Atamva, a Kayira ananditembenukira.

"Mawa ukwere basi," anatero. "Kapena ulembe lero lomwe, unene zoona. Ine ndinakuuza mwezi umodzi, sindinakuuze kuti uukitse akufa."

Ndinali ndi zifukwa, ndipo zinali zokongola. Ndinati makalata owoloka malire amatsegulidwa m'njira, ndikalemba zoona ndimangidwa. Ndinati ndikabwerera kwathu ndi chidindo chakutha akandifunsa kumene ndinali ndi amene ndinkacheza nawo, ndipo masiku amenewo mafunso otere sankathera pa ofesi. Ndinatinso amama akalira kawiri, mtima wawo sungapirire. Zonsezo zinali ndi kachoonadi kake. Koma chenicheni n'chakuti ndinkakonda malipiro, ndipo ndinkakonda kuti kwathu akuvina chifukwa cha chinthu chimene ndatumiza ine.

Ndiye ndinachita chimene chimandilepheretsa kuyang'ana anthu m'maso mpaka lero. Ndinayankha kalata ija. Yotamu sankadziwa kulemba, makalata ake ankamulembera ena, choncho dzanja langa likanandigwiritsa. Ndinapita kwa munthu wolembera anthu makalata pakhonde la positi, ine wa Sitandade 7, n'kumuuza zolemba. Ndinati amene anamwalira ndi Yotamu wina, wa ku Isoka. Ndinati mng'ono wanga anafika, koma anapitirira kummwera kukafuna ntchito, mukumudziwa kale kusamva kwake. Ndinati dikira, mkazi wanga, ndibwera ntchito ikalola. Wolembayo anandiyamikira kuti ndimadziwa kulankhula ndi mkazi.

Kuyambira tsiku limenelo a Kayira sananditchulenso dzina lililonse, la Yotamu kapena langa. Ankangoti iwe. Koma sowo tinkakokabe limodzi, ndipo nditadwala malungo anandisenza okha mpaka kumsewu.

Zaka zinayamba kuthamanga. Chiphaso cha ntchito nacho chili ndi malire ake, koma chikatsala pang'ono kutha bwana ankasonkhanitsa mapepala athu onse, n'kupita nawo m'tauni, n'kubwera nawo ali ndi chidindo chatsopano. Msasa unkasamuka kutsatira mitengo, manda aja n'kutsala kutali. Ndinakwera kuchoka m'dzenje kupita pamwamba pa chipika. Ndinagula wailesi ndi nsapato zachikopa. Ndinakhalako ndi mkazi wina wa m'komboni ya m'tauni, amene anandisiya ponena kuti ndine munthu wosayankha msanga akandiitana. Sankadziwa kuti khutu limachedwa pa dzina lobwereka.

Makalata a Nyagondwe sanasiye kubwera. Ankanena za chinangwa, za denga limene wafolera yekha, za maso a amama amene ayamba kuchita nkhungu. Ananenapo kuti abale ake a ku Sangilo abwera kudzamutenga, akuti mwamuna wa m'makalata si mwamuna, iye wawabweza. Ina inali ndi mawu awa.

"Ndinapita ku boma ku Karonga kukafunsa. Akuti chilipo chiphaso chokacheza, cha masiku makumi atatu, mungonditumizira kalata yondiitana. Sindikufuna zambiri. Anzanga amene tinakwatiwa chaka chimodzi ana awo ayamba sukulu. Masiku makumi atatu angatikwanire."

Ndinayankha kuti kumsasa salola akazi. Ndinatumiza chitenje china.

Kachitini kaja sindinakataye. Nthawi iliyonse tikasamuka ndinkakakulunga m'malaya, n'kukaika pansi pa sutikesi. Sindinkakatsegula. Lamlungu lina ndinkakatulutsa, n'kukayang'ana, n'kunena kuti chaka chino ndiye chomaliza. Munthu ukhoza kunamiza boma, ukhoza kunamiza amako, koma chitini cha dothi chimangokuyang'ana.

Chimene chinathetsa nkhaniyi si mtima wanga, ndisadzikometsere. Chaka china bwana anabwera ndi mapepala athu opanda chidindo chatsopano. Anati ntchito ngati yathu tsopano ndi ya eni dziko, alendo tonse tapatsidwa milungu iwiri kuti tituluke. Ine ndinayamba kuganiza zolowera m'komboni, ndikakhale mtchona wopanda pepala ngati ena ambiri. A Kayira anandiona maganizo.

"Iwe, chitini chija ukadali nacho?"

"Ndili nacho."

"Ukapanda kupita nacho ku Mlare, ndipita ndine, ndikanene zonse ndi pakamwa panga. Tchimo ili tinaliyamba awiri. Ine ndakalamba, sindikufuna kukakumana ndi Yotamu ndisanalikonze."

Anandikweza basi okha, n'kukhala pampando wa kumbuyo kwanga mpaka tinawoloka malire. Ngakhale polowa m'dziko langa lomwe ndinalowa ngati Yotamu, poti pasipoti yanga inali itafa kalekale. Ku Chitipa ndinagonako masiku awiri, ndikuopa kupitirira. Kuchedwa kumeneko kunandipweteka, chifukwa munthu wina wa ku Chilumba amene tinakwera naye anatsogola n'kufalitsa kuti Yotamu ali m'njira.

Basi inaima pa Mlare dzuwa lili paliwombo. Ndinaona pawindo anthu atadzaza pansi pa mtengo wa mango, amayi a mvano atavala zoyera, wina atagwira nkhuku yoti andiphere. Nthungululu zinayamba ndisanatsike. Patsogolo pa onse panali Nyagondwe, atavala chitenje cha maluwa achikasu chija, choyamba chija, chikuoneka kuti changotuluka m'bokosi. Anathamanga, kenako anaima patatsala mapazi atatu. Sankayang'ana nkhope yanga. Ankayang'ana miyendo yanga ndikuyenda.

Nthungululu zinazima imodzi imodzi. Amama anabwera atagwiridwa dzanja, maso atayera. Anandipapasa kumaso, pachipumi, m'makutu, kenako anatchula dzina langa, dzina limene ndinali ndisanalimve zaka khumi ndi ziwiri. Anandikumbatira akulira kuti wotayika wapezeka. Kenako anasuzumira kumbuyo kwanga ndi maso osaonawo.

"Mukuru wako wali nkhu?" anafunsa. Mkulu wako ali kuti.

Ndinapisa dzanja m'thumba la jekete, n'kutulutsa kachitini ka fodya ka abambo, katachita dzimbiri. Ndinakaika m'manja mwawo. Anakazindikira ndi zala. Anakhala pansi pafumbi pomwepo, basi isanachoke n'komwe, ndipo kulira kumene analira sindikufuna kukufotokoza.

Ndinanena zonse madzulo ake pabwalo la nyumba, pamaso pa abale athu ndi a ku Sangilo. Ena ankafuna kundimenya, ndipo zikanandipepukira akanatero. Nyagondwe sanalire pagulu. Anthu atayamba kubalalika anabwera pamene ndinakhala, n'kugwada patali pang'ono monga mwa ulemu wake wa nthawi zonse.

"Mulamu, ndipatseni pepala lija."

Ndinamupatsa chiphaso cha Yotamu. Anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Kunyumba kunalibe chithunzi chilichonse cha mwamuna wake.

"Ku boma anandiuza kuti ziphaso zilipo zitatu," anatero, mawu ali pansi. "Chokacheza, chokaphunzira, ndi cha ntchito. Ichi chinakulolani kugwira ntchito ya mwamuna wanga, ndamva. Njala ndi njala. Koma chimene chinakulolani kuyankha makalata anga, mulamu, ndi chiti? Anakudindirani ndani?"

Ine amene ndinali ndi yankho pa chilichonse, amene ndinanamiza anthu a boma la eni zaka zonsezo, ndinangoyang'ana nsapato zanga zachikopa.

"Ndinakulemberani zinthu zimene mkazi amauza mwamuna wake yekha," anatero. Anaimirira, n'kulowa m'nyumba ndi pepala lija. Atatuluka anali atavala zakuda.

Dothi tinalikwirira pa tsiku lachitatu, pafupi ndi abambo. Chitini chinakana kutseguka, tinachiika chonchobe. Amama anakhala chaka chimodzi chokha pambuyo pake. Sananditukwanepo, ankangoti ndikawapatsa moni amafunsa kuti ndi uti amene akulankhula. Nyagondwe anasudzulidwa, n'kubwerera kwawo ku Sangilo. Anakwatiwanso ndi bambo wina wamasiye wa ana akuluakulu, koma wake sanabereke. Amagulitsa usipa ku Chilumba, ndipo ine ndikapita kumeneko ndimadzera mzere wina wa msika.

Koma chimene chimandibwerera kwambiri ndi m'mawa wa tsiku lometa. Mwambo umafuna kuti m'bale wa malemu akhalepo, choncho anandikhazika pampando, pafupi. Nyagondwe anakhala pamphasa, mutu ataweramitsa, atayala chitenje cha maluwa achikasu chija pamiyendo kuti tsitsi ligwerepo. Azakhali anayamba kumeta ndi lezala. Ndinkayang'ana tsitsilo likugwa pa nsalu imene ndinagula ndi malipiro anga oyamba, ndipo munali imvi zambiri ndithu.

Tsiku limene ankandiperekeza kukakwera lole, nditatenga kachitini kopanda kanthu ndi masiku anga makumi atatu, m'mutu mwake munalibe ngakhale imodzi.